Mwala Wathu, Mphete ya Eni: Kodi Miyala Yamtengo Wapatali Izituluka Yosasema?

Mkangano wonse unayamba ndi mphete. Mwana wa achemwali anga anachita chinkhoswe kwathu kuno kwa Kuntaja, chakufupi ndi Chileka, ndipo mnyamata anamuveka mphete yomwe anagula m'sitolo ina m'tauni. Inali yonyezimira ngati golide, pamwamba pake pali kamwala kofiira. Amayi analuluta, ankhoswe anagwirana chanza. Isanathe miyezi iwiri golide uja anasuluka, chala cha mtsikana chinayamba kubiriwira, ndipo kamwala kaja kanagwera m'beseni pochapa. Titakatola n'kukayang'anitsitsa padzuwa tinapeza kuti kanali kagalasi.

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Unyamata wawo wonse anathera m'maenje, kukumba aquamarine ku Mzimba, kenako kusakasaka miyala yofiira ku Ntcheu. "Manja anga awa agwirapo ruby weniweni," anatero, "lero mdzukulu wanga akuvala chidutswa cha botolo."

Achemwali, omwe ndi mphunzitsi wa kupulayimale ndipo amatunga mikanda yogulitsa akaweruka, sanaseke nawo. "Amalume, ruby wanuyo munamupereka kwa ndani? Ndiye chifukwa chake boma lachita bwino kutseka chipata."

"Iwe mwana, unayamba walowamo m'dzenje?"

Chipata chomwe ankanenacho n'chodziwika. Mu Febuluwale 2025 Unduna wa za Migodi unayimitsa kwa kanthawi kutumiza miyala kunja, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti za m'migodi zisamatuluke m'dziko zisanakonzedwe, kuphatikizapo golide ndi miyala yamtengo wapatali. Kuyambira tsiku la mphete lija awiriwa akhala akukangana, ine ndili pakati ngati mkhalapakati wosalipidwa. Ndalemba pano zomwe aliyense amaimapo, ndawonjezera zomwe ndikudziwa, kuti owerenga aweruze okha.

Mbali ya achemwali: mwala uyambe wadutsa m'manja mwa mmisiri

Mfundo yoyamba ya achemwali ndi yakuti mtengo wa mwala umabadwira kwa wosema. Mwala ukamatuluka m'dzenje umakhala wamatope, wosaoneka bwino, ndipo wokumba amaugulitsa kwa munthu wa tochi ndi kasikelo yemwe amatchula mtengo yekha. Ukafika ku Jaipur m'dziko la India kapena ku Bangkok m'dziko la Thailand, komwe miyala yambiri ya dziko lapansi imasemedwa, umadulidwa, kupukutidwa, kuikidwa m'siliva kapena m'golide, n'kugulitsidwa poyeza ndi karati, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a galamu. Pa sitepe iliyonse pali munthu amene akudya: wosema, wosula, wojambula maonekedwe, mwini sitolo. Onsewo ndi a kunja. Ife timatsala ndi dzenje ndi msana wopweteka.

Phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu ladziwika ndi ruby ndi sapphire kuyambira 1958. Mzimba ali ndi aquamarine, Mangochi ali ndi garnet, Ngabu ku Chikwawa kuli agate, ndipo golide amapezeka m'chigwa cha Lisungwi, kungowoloka Shire kuchokera kwathu kuno. Achemwali amafunsa kuti, zaka zonsezi, ndi mudzi uti womwe munganene kuti unatukuka ndi miyalayi? Ngati njira yakale inali yabwino, zipatso zake zili kuti?

Mfundo yachiwiri ndi yakuti umisiri wa zokongoletsa thupi si wachilendo kwa ife. Ku Mankhamba, likulu lakale la Amaravi kufupi ndi Mtakataka, Dr Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi yochokera kutsidya la nyanja, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China. David Livingstone atafika m'dera la Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akuyenga chitsulo m'midzi mwawo, akusula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi zibangili. Mawu a umisiriwu akadalipo m'kamwa mwathu: ng'anjo, mvukuto, chipala, makoza, zigwinjiri, chipini. Umisiriwu unaphedwa ndi msika, pomwe katundu wa m'mafakitale a kunja anasefukira m'masitolo. Achemwali amati chomwe chinaphedwa ndi msika chingadzutsidwe ndi msika, bola lamulo litseke njira yachidule.

Mfundo yachitatu anaitenga kutali, kwa Anavajo a ku America, anthu omwe amadzitcha okha Diné ndipo dziko lawo lili m'zigawo za Arizona, New Mexico ndi Utah. Cha m'ma 1850 mmodzi mwa iwo, Atsidi Sani, dzina lotanthauza kuti wosula wokalamba, anaphunzira kusula chitsulo kwa mmisiri wa ku Mexico, ndipo pambuyo pake anayamba siliva n'kuphunzitsa ana ake. Mu 1864 asilikali a boma la America anawasamutsa mokakamiza, kuwayendetsa pansi mtunda wautali kupita ku Bosque Redondo, komwe ambiri anafera. Anabwerera kwawo mu 1868 ali amphawi adzaoneni. M'zaka zotsatira kusula siliva kunafala pakati pawo, ndipo cha m'ma 1880 anayamba kuika m'silivamo mwala wa turquoise, wamtundu wa thambo lopanda mitambo, womwe kwa iwo ndi wopatulika. Lero malamba, zibangili, mphete ndi mikanda ya m'khosi ya Anavajo zimadziwika dziko lonse, ndipo tauni ya Gallup ku New Mexico imadalira kwambiri malonda amenewa. Wogula amafunsa dzina la wosula, n'kuyang'ana chidindo chake kuseri kwa chibangili. Achemwali amati ngati anthu otuluka mu ukapolo wotere anakwanitsa, ife tikulephera chiyani tili ndi miyala pakhomo?

Pomaliza amatchula Botswana. Dzikolo linaumirira mpaka kampani ya De Beers inasamutsa malonda ake a dayamondi kuchoka ku London kupita ku Gaborone mu 2013, ndipo mafakitale osema dayamondi alipo m'dzikomo. Palibe yemwe anawapatsa zimenezi mwaulere. Anachita kulimba mtima.

Mbali ya amalume: lamulo silisema mwala

Amalume samakana kuti mwala wosema ndi wodula. Amakana zoti kutseka chipata kumabala amisiri. Mfundo yawo yoyamba ndi mimba. Wokumba amalowa m'dzenje ndi ngongole ya ufa, ya mapiki ndi ya anyamata omuthandiza. Akhoza kutha miyezi osapeza kanthu. Tsiku lomwe wapeza mwala amafuna wogula tsiku lomwelo, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ukathamangitsa ogula a kunja usanakonze wogula wina, mwala sukwera mtengo. Umatsika, chifukwa wotsala pamsika ndi wozembetsa yekha, ndipo iye amachotseratu pamtengo ndalama ya ziphuphu ndi ya chiopsezo chake.

Komanso, amatero amalume, mwala si thumba la chimanga. Ruby wogula galimoto amakwana m'sokosi. Malire athu ndi aatali, ndipo kupatula zipata za Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe pali tinjira tosawerengeka. Mwala wozembetsedwa ukafika kutsidya umalembedwa kuti ndi wa Mozambique kapena wa Zambia, boma lathu osaona ngakhale tambala. Tanzania inaletsa mu 2010 kutumiza kunja tanzanite wosasema wopitirira galamu imodzi, koma kuzembetsa kunapitirira mpaka Pulezidenti John Magufuli anachita kumangitsa mpanda wa makilomita 24 kuzungulira migodi ya Mererani, womwe unatsegulidwa mu 2018. Kodi ife tidzamanga mpanda kuzungulira Mzimba yense? Nayo Zambia, yomwe ili ndi mgodi waukulu wa emerald wa Kagem, inabwezeretsa msonkho wa 15 peresenti pa miyala yotuluka kunja kumayambiriro kwa 2025, ndipo pasanapite nthawi inauyimitsanso eni migodi atadandaula. Ngakhale ruby wa ku Montepuez ku Mozambique, yemwe anapezeka mu 2009 ndipo ndi wochuluka kuposa wathu, amagulitsidwa wosasema n'kukasemedwa ku Asia.

Mfundo yachiwiri ndi funso lachidule: wosemayo ali kuti? Mwa miyala yachilengedwe yovala, ruby amaposedwa kulimba ndi dayamondi yekha. Kumudula kumafuna makina, zopukutira za dayamondi, ndi diso lophunzitsidwa zaka zambiri. Ngakhale m'manja mwa katswiri, mwala umataya kupitirira theka la kulemera kwake posema. M'manja mwa wophunzira umatha kuwonongekeratu, ndipo madzi akatayika sawoleka. Wogula wa kunja akaona mwala wodulidwa molakwika amapereka mtengo wochepa kuposa wa mwala wosakhudzidwa, chifukwa ayenera kuudulanso. Makinawo amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zikusowa, ndipo amayendera magetsi. Amalume amaloza nthambo zochokera ku Nkula zomwe zimadutsa pamwamba pa midzi yambiri ya kuno osatsika. Amakumbutsanso za Januwale 2022, pomwe namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kukhala m'kuzimazima kwa magetsi kupitirira chaka.

Mfundo yachitatu: adzavale ndani? Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Munthu yemwe akulephera thumba la feteleza sangagule mphete ya siliva. Alendo otera pa bwalo la ndege la Chileka alipo, koma si ochuluka moti n'kudyetsa mafakitale, ndipo ogulitsa ziboliboli m'mbali mwa Victoria Avenue angakuuzeni mmene amakhalira tsiku lonse osagulitsa. Siliva sitikumba kuno. Mkuwa nawo ndi woopsa kuutamanda kwambiri, poti kuba nthambo zamagetsi ndi vuto kale.

Nkhani ya Anavajo amalume anaimva kwa achemwali omwewo, n'kuitembenuza. Ngati siliva amalemeretsa, anafunsa, bwanji mabanja ambiri m'dziko la Anavajo alibe madzi a m'mipope mpaka lero, patatha zaka zoposa 150 akusula? Apa amalume akunena zoona. Kwa zaka zambiri phindu lalikulu linkatsalira kwa eni masitolo a Azungu, monga ija ya Lorenzo Hubbell ku Ganado, omwe ankapereka siliva ndi miyala, kugula katundu womalizidwa, komanso kusunga zibangili za anthu ngati chikole cha ngongole. Kampani ya Fred Harvey, yomwe inkagulitsa kwa alendo a pasitima, inkaitanitsa zinthu zopepuka, zotchipa, zogwirizana ndi maso a mlendo. Kenako panabwera zachinyengo zopangidwa m'mafakitale a ku Philippines, zogulitsidwa ngati za Anavajo. Chikomekome cha mkuyu, amatero amalume, m'kati muli nyerere.

Pomwe ine ndaima

Ndawamvetsera onse awiri kwa miyezi, ndipo ndaona kuti pali chinthu chimodzi m'nkhani ya Anavajo chomwe onse akuchidumpha. Anavajo analibe mgodi wa siliva. Ankasungunula ndalama zachitsulo za ku America, ndipo boma litaletsa zimenezo anatembenukira ku ndalama za ku Mexico. Turquoise wambiri yemwe amagwiritsa ntchito amachokera m'migodi ya anthu ena, monga wa Kingman ku Arizona. Palibe lamulo lomwe linatsekera miyala m'dziko lawo kuti aphunzire. Chomwe anali nacho ndi dzanja, ndi maonekedwe awoawo omwe munthu angawazindikire ali patali. Ife tili ndi mwala koma dzanja tinalitaya. Iwo anali ndi dzanja, mwala unawatsatira.

Ndipo lamulo lomwe linadzawathandiza linali loteteza dzina. Mu 1990 America inakhazikitsa Indian Arts and Crafts Act, lomwe limati ndi mlandu kugulitsa chinthu ponama kuti chinapangidwa ndi mmisiri wa mitundu ya eni nthaka. Wolakwa koyamba akhoza kulipira mpaka madola 250,000 kapena kukhala m'ndende mpaka zaka 5. Lamuloli silinathetse chinyengo chonse, koma linazindikira komwe kuli chuma: wogula amalipira chifukwa akukhulupirira kuti silivayo ndi weniweni, mwalawo ndi weniweni, ndipo wosulayo ndi yemwe akunenedwayo. Mphete ya mwana wa achemwali inagwa pa mfundo yomweyi. Panalibe chidindo, panalibe wofunsa, panalibe wobweza ndalama.

Chinanso chomwe amalume akuiwala n'chakuti si mwala uliwonse uli ruby. Turquoise ndi mwala wofewerapo, ndipo sasemedwa ngodyangodya ngati dayamondi. Amangoperedwa kuti ukhale wosalala ndi wozungulira pamwamba ngati kamkate, n'kuzingidwa ndi kampanda ka siliva. Ntchito imeneyi imatheka ndi gudumu lonolera, madzi ndi kuleza mtima. Agate wa ku Ngabu ndi quartz wapinki wa ku Mzimba amalola kusemedwa motero, ndipo ndi ochuluka moti wophunzira akawononga umodzi palibe amene angalire maliro. Osula oyamba a Anavajo ankagoba chithunzi m'mwala wofewa n'kuthiramo siliva wosungunuka. Aliyense yemwe anaimapo ku Ndirande n'kuona anyamata akusungunula aluminiyamu, kuthira m'chikombole chamchenga n'kutulutsamo mphika, waona ntchito yapachibale ndi imeneyi. Okhoma mbaula ndi zidebe, owotcherera mageti pa Lunzu, amayi otunga mikanda ya m'chiuno, onsewa ndi adzukulu a osula aja Livingstone anawapeza. Sanaphunzitsidwe ntchito yaing'ono yofuna diso, basi.

Tsono kwa ine funso loti titseke kapena titsegule ndi loperewera. Miyala igawidwe. Ruby ndi sapphire wapamwamba, yemwe pakadali pano tilibe manja okwanira omusema, agulitsidwe poyera, pamsika wopikisana mitengo, atayezedwa ndi akatswiri a boma, msonkho wake uoneke m'mabuku. Njira yake inayambika kale, pakuti kuyambira 2021 Reserve Bank, kudzera ku Export Development Fund, yakhala ikugula golide kwa okumba ang'onoang'ono. Chofunika n'chakuti wogula wotereyu afike kufupi ndi dzenje, alipire msanga, pamtengo woti wozembetsa asaupose. Miyala yapakati ndi yapansi ndiyo itsale kuno, ikhale sukulu yathu. Gawo la msonkho wa ruby lipite ku maphunziro a kusema ndi kusula kudzera ku TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja monga Soche Technical College, ndipo Malawi Bureau of Standards ikhale ndi chidindo chotsimikiza siliva ndi golide. Manja akamachuluka, chipata chizitsekedwa pang'onopang'ono, mtundu wa mwala umodziumodzi. Kutseka zonse lero n'kumanga denga zipupa zisanayime. Kusiya zonse chitsegukire ndi zomwe tachita kuyambira 1958, ndipo achemwali sakulakwa kufunsa zipatso zake.

Za msika, amalume akuyang'ana ku bwalo la ndege pomwe msika uli pakhomo. Loweruka lililonse la chilimwe kumakhala zinkhoswe ndi maukwati kuyambira Chileka mpaka Lirangwe, ndipo paliponse pamafunika mphete. Ndalama zimenezi zikutuluka kale, zikugula magalasi ndi golide wopaka. Anavajo nawo anayamba ndi kusulira anzawo, kuvala okha pa miyambo yawo, alendo n'kudzasilira pambuyo. Chinthu chomwe mwini wake savala, mlendo sachikhulupirira.

Nditawafotokozera zonsezi, palibe yemwe anagonja. Achemwali anati ndikuchita mantha ngati andale. Amalume anati ndalankhula ngati munthu yemwe sanagwirepo piki. Koma madzulo ake amalume analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabokosi ka machesi. M'katimo, atakulunga m'kansalu, munali kamwala kofiirira ngati njere ya chimanga, garnet yemwe anasunga zaka zambiri chifukwa wogula wina anatchula mtengo wachipongwe iwo n'kukana. Anakapereka kwa mdzukulu wawo. "Aka si botolo ayi," anatero. "Ukapeze wokuikira m'mphete."

Tafunsa pa Chileka, tafunsa pa Lunzu, tafunsa pa Lirangwe. Osoka nsapato alipo, okonza mafoni alipo, woika mwala m'mphete sitinamupeze. Kamwalako sikanatuluke m'dziko, monga achemwali amafunira, komanso sikanadyetse munthu, monga amalume amaopera. Mnyamata wina wowotcherera anakatembenuzatembenuza pachikhatho, nati akanangoona kamodzi mmene amachitira akanayesa. Kabokosi ka machesi kaja kali m'sutikesi ya mtsikana, ndipo ukwati ndi chaka chamawa.